Chaka Chimene Ndinafundula Mng'ono Wanga

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha, adani anga asananditsogolere. Ndili mnyamata ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu angathe kufundula monga imachitira nyenje. Ndinkati chinthu chilichonse chokutidwa ndi chigoba chikayamba kuyabwa, ndiye kuti cham'katicho chapsa, chikupempha kutuluka, ndipo woona zimenezo n'kungokhala manja lende ndi munthu wouma mtima. Musaseke msanga, sungani mano, museka kutsogoloku, pakuti aliyense amene ndinamuuzapo nkhaniyi anaseka. Nzeru imeneyi sindinabe kwa munthu. Ndinaiumba ndekha, theka kuchokera kusukulu, theka kuchokera pa mtengo wa mtondo umene unali kuseri kwa khola lathu ku Mlolo. Lero ndili ndi imvi ndi mdzukulu, khasu linandikalambitsa nthawi isanakwane, koma ndikatsinzina ndimauonabe mtengowo: thunthu lakuda lokhakhala, litamatiridwa ndi zigoba za nyenje, zofiirira ngati shuga wopserera, zong'ambika pamsana, timiyendo titagwira khungwa zolimba ngati eni ake akadali momwemo.

Chinali chaka cha chimanga chachikasu, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Amsinkhu wanga akuchidziwa, ana inu mukafunse. Mvula inali itakana dzinja lapitalo, m'nkhokwe munangotsala akangaude, ndipo chakudya chinkabwera pa malole, amayi athu n'kumakaima pamzere pabwalo la sukulu kuyambira m'mawa mpaka mthunzi utatembenuka. Ufa wake unkanunkha thumba, koma palibe anaukwinyira mphuno. Chosowa chenicheni chinali ndiwo. Mfutso unatha, nkhuku zinapita kumsika imodziimodzi, ngakhale mbewa zinasamuka posowa chotola m'minda. Ndiye pofika Okutobala, dzuwa litakwiya, mchenga ukuwotcha mapazi moti tinkayenda modumpha kuchoka pamthunzi uwu kupita pa uwo, mphepo ikununkha lupsa ndi ndowe zouma, nyenje zinayamba kulira. Zinkalira m'mitondo ndi m'misuku monse, kulira kobaya m'makutu kuja kumene umafika poganiza kuti likulira ndi dzuwa lenilenilo. Zaka zina kugwira nyenje anali masewera. Chaka chimenecho inali ntchito, ndipo kwathu ntchitoyo inali yanga.

Tinkaphika ulimbo m'kachitini, kuupaka kunsonga ya nsungwi yaitali, n'kumazemba pansi pa mitengo nkhope ili kumwamba mpaka khosi kuuma. Nyenje ndi yochenjera kumaso koma yopusa kumsana. Ukaidzera kumbuyo n'kuikhudza mapiko, basi yamatirira, ikulira ngati mwana wolandidwa mbatata. Madzulo tinkazithothola mapiko, Amayi n'kuzikazinga paphale ndi kamchere, fungo lake n'kumaitana agalu a mudzi wonse. Kumbuyo kwanga kunkayenda Penyani, mng'ono wanga, amene chaka chimenecho anali Giredi 1. Anali mwana woonda, wamaso aakulu, wonyamula chitini changa, ndipo anali ndi nthenda imodzi yoopsa: ankakhulupirira chilichonse chotuluka pakamwa panga. Ndikati mwezi ndi dzira la nkhanga yakumwamba, iye ankangofunsa kuti lidzaswa liti. Ndikati ndege zimamwera pachitsime chathu anthu akagona, m'mawa ankapita kukafuna mapazi ake. Ine ndinali Giredi 5, ndipo kwa Penyani Giredi 5 inali khomo loyandikana ndi udokotala.

Nkhani ya mafupa inayambira kuubusa. Tikudya nyenje zowotcha pamoto wa ndowe, mnyamata wina anafunsa kuti chimene chimalira kukutukukutu m'kamwamu n'chiyani. Ena anati ndi mafupa, ang'onoang'ono ngati a kapenta. Ena anati chamoyo chopanda mafupa chingauluke bwanji, si chingangoti phwata pansi ngati phala? Ine, posafuna kugonja pa mkangano umene sindinauyambe, ndinathyola munga wa mthethe n'kuyamba kung'amba chilichonse chimene ndinagwira: nyenje, ziwala, nkhululu, ngakhale chikumbu chija chogubuduza ndowe. Ndinafuna msana, ndinafuna nthiti, ndinafuna chigaza, osapeza kanthu. Nyenje zazikazi zinali ndi mafuta oyera, zazimuna, zoimbazo, zinali mphako ngati ng'oma, ndipo cholimba chonse chinali kunja. Masiku omwewo aphunzitsi athu anafika pamutu womwewo, ngati kuti anatimvera. Anati kachilombo ka miyendo isanu ndi umodzi kalibe mafupa m'kati monga ife ndi mbuzi. Cholimba chake kamachivala kunja ngati malaya, ndicho chimakagwira thupi ndi kukateteza, ndipo kakamakula chovalacho chimathina, n'kuchivula. Ananena zambiri pambuyo pake, ndikhulupirira zofunika, koma makutu anga anali atatulukira kale pawindo, kumene nyenje ina inkandiitana mumtengo wa mango. Sukulu yanga yonse inali yotero. Ndinkalowa m'phunziro ngati mbuzi m'dimba, kubudula nsonga n'kuthawa.

Theka linalo ndinalitola pa mtondo uja. Tsiku lina dzuwa litangolowa, ndikutsekera mbuzi, ndinaona kanthu kofiirira, kamatopematope, katatuluka m'kauna patsinde pa mtengo n'kumakwera thunthu pang'onopang'ono ngati nkhalamba yochokera kumowa. Kanaima, kanagwira khungwa, kenaka kanayamba kunjenjemera ndi kudzipotola, ngati munthu woyabwidwa pamsana pomwe dzanja silifika. Mbuzi ndinaziiwala. Msana wa kanthuko unang'ambika, ndipo m'menemo munatuluka nyenje, yotuwa, yobiriwira pang'ono, yofewa ngati nsonga ya nkhwani, mapiko atakwinyika ngati nsalu yongochotsa m'thumba. Sinauluke. Inangokhala pambali pa chigoba chake, phee, kudikira. M'mawa ndinapeza chigoba chokha, mwini wake ali pamwamba, wakuda, wolimba, akuimba ndi anzake. Pamenepo mutu wanga unamanga mtolo wake n'kuuika pambali: chikayabwa chapsa, ung'ambe pamsana, cham'kati chimatuluka chofewa koma chikaona mphepo ndi dzuwa chimalimba.

Penyani anagwa mumsuku. Pamenepa ndilibe mlandu, ndipo ndimakonda kutsindika, chifukwa m'nkhani ino malo amene ndilibe mlandu ndi ochepa. Anakwera yekha, ine ndili kutsidya kwa njira, pofuna kugwira nyenje yake yoyamba ndi dzanja lake. Nthambi youma inathyoka, iye n'kufikira dzanja lamanja, mkono n'kupindika pakati pa chigongono ndi dzanja, pamalo pomwe Mulungu sanaikepo mfundo. Atate anamukweza panjinga atamumangirira kumsana kwawo ndi chitenje cha Amayi, ulendo wa kuchipatala paboma ku Chadiza. Anabwerako mawa lake mkono wa Penyani uli m'chikhakha, choyera mbuu, cholimba ngati mtsuko, kuyambira pamwamba pa chigongono mpaka m'zala. Ana a mudzi wonse anabwera kudzagogoda. Atate anatikhazika pansi tonse awiri n'kubwereza zimene anauzidwa: chisanyowe, chisagundidwe, ndipo wodzachichotsa ndi yemwe anachimanga, pakatha mwezi ndi theka. Chikachoka msanga fupa lidzagwirana mokhota, ndipo mkono wokhota sugwira khasu. Ankanena za Penyani koma maso ali pa ine. Pasanapite nthawi anakwera njinga yomweyo kupita ku ganyu cha ku Chipata kukasaka chakudya, ndipo Amayi, pokhala tsiku lililonse ali pamzere wa chimanga kapena kuchitsime kudikira madzi kuti avuke, anasiya Penyani m'manja mwanga.

Masiku oyamba chikhakha chinali ufumu. Penyani sankatunga madzi, sankatola nkhuni, nyenje yonona inali yake, ndipo anzake ankamupempha kuti alembepo ndi makala. Kenaka kutentha kunachita ntchito yake. Thukuta linalowa, fumbi linatsatira, choyera chija chinasanduka chamtundu wa njira, n'kuyamba kununkha ngati chikopa cha mbuzi chimene sichinaume bwino. Ndipo chinayamba kuyabwa. Mwanayo ankalowetsamo udzu, nthenga, waya wa kagalimoto kanga koseweretsa, ankakhuza chikhakhacho pamtengo ngati ng'ombe yankhupakupa, masana akalimba ankangokhala pakhonde misozi ikutsika yokha. "Achimwene, muli nyerere umu," ankatero. Chinanso chinkamuwawa kuposa kuyabwako. Mitambo inali itayamba kusonkhana chakum'mwera, ndipo mwana aliyense amadziwa kuti mvula ikakhazikika nyenje zimatseka pakamwa mpaka chaka chamawa. Iye yake yoyamba ija anali asanagwirebe.

Tsiku lina masana ndinamuyang'ana akudzipotola pakhondepo, mapewa akunjenjemera, ndipo ndinaona kanthu kaja ka pa mtondo. Ndikunena pamaso pa Mulungu, sindinafune kumuchita chipongwe. Chipongwe ndinamuchita chambiri asanagwe ndi pambuyo pake, koma tsiku limenelo ndinali ndi chifundo, ndipo chifundo cha chitsiru n'choopsa kuposa nkhanza zake. Ndinamufotokozera bwinobwino. Ndinati achipatala amuveka mafupa akunja, monga a nyenje, kuti am'kati apeze mpata wokula, ndipo kuyabwako ndiko kugogoda kwa mkono watsopano. Ndinati mwezi ndi theka ananenera ana ochedwa kupsa, koma iye, pokhala mng'ono wanga, wapsa msanga.

"Nanga Atate aja anati chiyani?" anafunsa.

"Atate anafika Giredi 5?" ndinamufunsa inenso.

Anaganiza pang'ono, n'kupukusa mutu. Nkhani inathera pomwepo.

Ndinatenga mpeni wa Amayi wosendera chinangwa, n'kumutengera kudambo, pa chithaphwi chomwera ng'ombe, pomwe panatsala timadzi tobiriwira tonunkha matope. Anagona chafufumimba n'kuviika mkono, agulugufe akuuluka pamutu pake, mpaka chikhakha chinayamba kufewa ngati chigumu. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine tsiku limenelo ndinadekha kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga. Ndinacheka pamwamba, pamsana, mzere umodzi wowongoka, pang'onopang'ono kuti ndisamukande, lilime lili panja. Nditakanula mbali ziwirizo, mkono unatuluka. Abale anga, mukanauona. Unali wotuwa, woonda, wamakwinya, khungu likusupuka, wofewa ngati nsonga ya nkhwani. Unali ndendende nyenje ija. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, pakuti zonse zimene ndinanena zinali zitachitika pamaso pathu, ndipo Penyani anandiyang'ana monga anthu amayang'anira mlaliki amene wanenera mvula n'kugwadi. Ndinamukhazika pathanthwe, mkono atautambasula padzuwa, kuti ulimbe. Anakhala phee, thukuta likuchucha, osadandaula, mpaka mthunzi wa msuku unamupeza.

Ndinagogoda mkonowo ndi chala n'kufunsa ngati walimba. Anati ngati walimba. Pa msuku womwewo panali nyenje, pansi ndithu, ikulira ngati ikutiseka. Ndinapaka ulimbo watsopano n'kumupatsa nsungwi yanga, chinthu chimene ndinali ndisanamulolepo kugwira. Anainyamula ndi manja onse awiri, kuikweza pang'onopang'ono monga ankandionera. Nsungwi yaitali imalemera kunsonga. Inayamba kupendama, iye n'kuyesa kuibweza ndi dzanja lamanja. Sikunamveke phokoso lalikulu. Kanali kaphokoso kakang'ono, kofanana ndi kaja ka nyenje yokazinga ikalowa pakati pa mano. Nsungwi inagwa, nyenje inauluka. Penyani sanalire nthawi yomweyo. Anayang'ana mkono, umene unali utapindikanso pamalo paja, kenaka anayang'ana ine ndi maso aakulu aja, kudikira, n'kufunsa motsitsa mawu: "Achimwene, nanga apa ndiye kuti chiyani?" Ankadikira kuti ndimufotokozere, monga ndinkamufotokozera mwezi ndi ndege. Kuyambira tsiku limenelo nyenje sindidya. Anthu ndimawauza kuti ndi mano.

Ndinamubereka mpaka kunyumba, chikhakha chong'ambikacho chili m'khwapa mwanga, ndipo pakhomo tinakumana ndi Amayi akutula thumba la chimanga. Anayang'ana mkono, anayang'ana chikhakha, anayang'ana mpeni wawo, n'kukhala pansi pafumbi pomwepo. Njinga inali ku Chipata ndi Atate. Ng'ombe za m'mudzi zinali zitaonda moti sizikanakoka ngolo mpaka kuboma. Amalume, alongo awo a Amayi, ndiwo anabwera ndi bango ndi luzi n'kumanga mkonowo monga ankamangira mwendo wa mbuzi, ndipo anachita zomwe akanatha, Penyani akulira mpaka mawu kutha. Masiku omwewo mvula inagwa, yamphamvu, mitsinje inadzaza, fungo la dothi lonyowa linalowa m'nyumba zonse, aliyense wokhala ndi miyendo anathamangira kumunda kukabzala, pakuti pambuyo pa chaka cha njala palibe amasewera ndi mvula yoyamba. Nyenje zinatseka pakamwa. Pamene Atate ankabwerako n'kumutengeranso kuchipatala, fupa linali litagwirana kale, lokhota ngati uta. Anauzidwa kuti kuliwongola n'kulithyolanso, ndipo zimenezo ndi za ku Chipata. Amayi anangoti mwana wawo wathyoka kawiri, kachitatu ayi.

Ine ndinkadikira chikwapu. Ndinavala makabudula awiri kwa masiku angapo, kukonzekera. Atate anatenga chikhakha chija, kuchitembenuza m'manja, kuyang'ana mzere wanga wowongoka bwino uja, n'kundifunsa chimene ndinachitira zimenezi. Ndinawafotokozera zonse, za aphunzitsi, za mtondo, za kuyabwa, ndipo ndikufotokoza ndinkazimva ndekha nzeru zanga zikusanduka phulusa m'kamwa. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anangoti, "Safunsa adadya phula," n'kudzuka. M'mawa mwake tinapita kumunda. Kwathu mwana aliyense akangoyamba kuyenda bwino ankamusemera kakhasu kolingana ndi msinkhu wake n'kumupatsa mizere yakeyake, yoti apalire ndi kubandira yekha, ndipo pokolola ankaloza kuti ichi n'changa. Penyani anali ndi mizere yake kumapeto kwa munda, pafupi ndi chulu. Atate anatenga kakhasu kake n'kukaika pambali pa langa. "Mizere ya mng'ono wako ndi yako," anatero, "mpaka mkono wake udzawongoke." Tonse tinkadziwa kuti sudzawongoka. Ndinalakalaka chikwapu, chifukwa chikwapu chimatha dzuwa lisanalowe.

Mizere ya mwana imakula ndi mwanayo. Chaka chilichonse gawo la Penyani linkawonjezeka, ndipo linkawonjezekera pamsana panga. Kusukulu ndinkafika mochedwa, matope ali m'miyendo, n'kumagona pa desiki, ndipo pakati pa Giredi 6 ndinangosiya kupita. Sindinganame kuti sukulu inandilira, kapena kuti ine ndinaililira. Penyani khasu linkamupulumuka m'manja, mkonowo sunkatembenuka bwino, choncho makolo anati munda wake ndi sukulu. Anaphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere, aphunzitsi ena akumumenya pa zala kuti asinthe mpaka ataona chifukwa chake. Anakhoza, anapitirira, anakhozanso. Lero ndi mphunzitsi ku Chipata, ndipo mwa maphunziro onse a pansi pano, amaphunzitsa sayansi. Atate ankakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiwola. N'zoona. Sitinayambanepo ine ndi Penyani, ngakhale tsiku limodzi. Koma nkhalambayo sinanene kuti fupa losawolalo lingathe kugwirana mokhota, eni ake n'kumayenda nalo choncho.

Nditakula ndinapeza chochita nayo nkhaniyi: ndinaisandutsa nthabwala. Paukwati, pamowa, pamsika wa paboma, paliponse pomwe ine ndi Penyani takhala pamodzi pali anthu, ndinkaitulutsa. "Mphunzitsi mukumuonayu ndinamupanga ndine," ndinkatero, "ndi mpeni wa chinangwa. Pakanapanda ine bwenzi akupalira fodya ngati ife tomwe." Ndinkaonetsa mmene ndinkachekera, lilime panja. Ndinkaonetsa mmene anakhalira pathanthwe, kuyanika mkono ngati mfutso. Za funso lake lija zokha ndinkadumpha. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo Penyani ankaseka nawo, nthawi zina n'kundikumbutsa, "Mwaiwala za Giredi 5 ya Atate, achimwene." Ndiye ine mumtima ndinkati mlandu unatha. Ndinalima mizere yake, iye anapeza choko, ndipo onani mwini wake akuseka. Mtondo uja anaudula kalekale n'kuwotcha makala, chithaphwi chija chinauma, ana a masiku ano ambiri sadziwa n'kuphika ulimbo komwe. Zonse za chaka chimenecho zinapita, kunangotsala mkono ndi nthabwala yanga.

Okutobala wapitayu Penyani anabwera kudzationa. Anatsika minibasi paboma, mwana wanga n'kukamutenga panjinga. Masana tinakhala pansi pa mango, kukutentha moti nkhuku zinayasamula milomo. Ine ndinali chifuwa pamtunda, iye ali mu malaya oyera a manja aatali, mabatani atatsekedwa mpaka pamfundo ya dzanja, thukuta likudontha pachibwano. Ndinamuseka kuti uphunzitsi suvulidwa ngakhale pa Okutobala. Mkazi wanga Nabanda ankayanika zovala za mlendoyo pachingwe chapafupi. Kenaka mdzukulu wanga Chisomo anabwera akuthamanga, kanthu kali m'manja. Chinali chigoba cha nyenje, chong'ambika pamsana.

"Agogo, iyi yafa? Nanga mafupa ake apita kuti?"

"Funsa agogo ako a ku Chipata," ndinatero. "Ine za mafupa anandiletsa."

Penyani anachiika chigobacho pachikhatho chamanzere n'kumufotokozera mwanayo modekha. Anati sinafe, yangosamuka. Anati nyenje ilibe mafupa m'kati, chigobachi ndicho chinkaigwira thupi, ndipo si chovala chobwereka ayi, chimamera kuchokera m'thupi lake lomwe. Anati siichoka m'chakale mpaka chatsopano chitayamba kale kupangika pansi pake, n'chifukwa chake imangodikira pang'ono n'kulimba. Koma ife, anatero akugwira bondo la Chisomo, cholimba chathu chili m'kati, n'chamoyo, chikathyoka chimadzilumikiza chokha pang'onopang'ono mumdima, ndipo dzuwa lilibe nacho ntchito. Ndinamvetsera ngati mwana. Kumeneko ndiye kunali kumapeto kwa phunziro lija ndinalithawira pawindo, kwandipeza ndili ndi imvi.

Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinawomba m'manja n'kuyamba nkhani yanga, pakuti anansi awiri anali atabwera kudzalonjera mlendo ndipo mmodzi anali asanaimvepo. Ndinaikometsa kuposa kale lonse. Anaseka mpaka wina kutsamwa ndi thobwa. Penyani anaseka. Chisomo, maso ali tong'o, anamukoka malaya.

"Agogo a ku Chipata, tione mkonowo."

Penyani anasekanso, anamusisita mutu ndi dzanja lamanzere, n'kunena kuti kukutentha, angapezeko madzi akumwa? Nabanda anaitana mwanayo kuti akatunge, ndipo sanabwerere naye pamangopo.

Usiku umenewo, mlendo atakagona, ndinapeza Nabanda akupinda malaya aja anachapa, kuwasanja pampando kuti m'mawa awasite. Ndinakhala pamphasa, ndikali kumwetulira, n'kunena kuti lero taseka. Anawongola dzanja la malaya amodzi, kulipinda, kuwongola linalo, kulipinda, kenaka analankhula osandiyang'ana.

"Alamu akabwera pano, zovala zawo ndimachapa ndine, kuyambira chaka chimene tinakwatirana. Malaya a manja aafupi sindinachapepo ngakhale amodzi. Nkhani imeneyi mumaseka ndinu, bambo. Iwo amangokuperekezani."